Mliri ukadzabweranso: titchinjirize okalamba ndi odwala okha, kapena malamulo agwire aliyense?

Mwana_wa_Kapata
Moni nonse a pagulu pano. Ndabwera ndi mkangano wa pabanja pathu, ndipo ndikupempha maganizo a inu amene simuli mbali ya aliyense. Loweruka lapitali tinali kumudzi kukamanga chiliza cha bambo athu, amene anatisiya mu Julaye 2021, pamene Covid-19 inafika poipa kwambiri muno mu Zambia. Anali ndi zaka 76 ndipo ankadwala shuga. Madzulo tili pakhonde, akulu anga anayamba kunena kuti boma linalakwa potseka masukulu ndi mabawa ndiponso pochepetsa anthu m'matchalitchi, popeza matendawa ankatenga makamaka okalamba ndi amene anali odwala kale. Iwo akuti chofunika chinali kusamala anthu ngati bambo athu, n'kuwasiya achinyamata kuti azigwira ntchito ndi kuphunzira. Akulu angawo anali ndi bawa imene inatsekedwa mu Marichi 2020 ndipo sinadzukenso. Mlongo wathu anawayankha kuti malamulo akanakhala okhwima kuposa mmene analili, bwenzi bambo ali moyo lero. Mawu anakula mpaka amayi analowa m'nyumba osatsanzika. Ine ndinangokhala chete chifukwa onse awiri ndimawamvetsa. Ndiye ndikufunsa kuti, mliri wina ukadzabwera, chanzeru n'chiti: kutchinjiriza okhawo amene ali pachiopsezo chachikulu, kapena kuika malamulo pa aliyense?

Dalaivala_wa_Mwami
Pepani ndi imfa ya bambo, ngakhale kuti papita zaka. Koma tiyambe takonza chinthu chimodzi: kuno kwathu sitinatsekeredwe m'nyumba. A Lungu, pulezidenti wa nthawiyo, anakana kutseka dziko lonse, ndipo ine ndinkanyamula anthu pamsewu wa ku Mwami pafupifupi tsiku lililonse, malole akatundu akudutsa pachipata monga mwa masiku onse. Kumene kunatsekedwa ndithu ndi ku Kafue mu Epulo ndi ku Nakonde mu Meyi 2020, ndipo kunali kwa nthawi yochepa. Choncho akulu anu akudandaula za malamulo amene, poyerekeza ndi a maiko ena, anali opepuka.

WakuJoni
A Dalaivala anena zoona. Amene akufuna kudziwa tanthauzo la kutsekera aliyense afunse ife amene tinali ku Johannesburg. Kuyambira pa 27 Marichi 2020 sunkaloledwa kutuluka pokhapokha ukupita kukagula chakudya kapena mankhwala, asilikali anali m'misewu, ndipo mowa ndi fodya zinaletsedwa kugulitsidwa. Ananena kuti ndi masiku 21, koma anawonjezera. Ine ndinkagwira ntchito pamalo odyera, ndipo kwa miyezi inayi sindinatumize ngakhale ngwee imodzi kwa amayi anga ku Chadiza, amene ndi omwewo okalamba amene lamulolo linkati likuteteza. Ngakhale anatseka choncho, anthu anafabe ambiri kumeneko kuposa dziko lililonse la mu Africa pa chiwerengero cholembedwa. Sindikunena kuti kutsekako kunalibe phindu, koma mtengo wake ndinauona ndi maso anga.

Mphunzitsi_Katete
Ine ndilankhule za masukulu, chifukwa ndi kumene lamulo la aliyense linagwera pa anthu amene matendawa sankawavutitsa kwenikweni. Odwala oyamba analengezedwa pa 18 Marichi 2020, anthu awiri a ku Lusaka amene anachokera ku France, ndipo pa 20 Marichi masukulu onse anali atatsekedwa, kuphatikizapo athu a kumidzi kumene kunalibe wodwala ndi mmodzi yemwe wodziwika. A mayeso a giledi 7, 9 ndi 12 anabwerera pa 1 Juni, koma ena onse anakhala pakhomo mpaka Seputembala. Mwana wa giledi 2 amene anali atangoyamba kulumikiza zilembo anabwerera ataiwala zonse. Ankati ana aziphunzira pa wailesi, pa TV ndi pa intaneti, koma m'mudzi mmene foni ya banja ili imodzi ndipo ili m'thumba la bambo, zimenezo zinali nkhambakamwa.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi atsikana. Mliri usanabwere n'komwe, kafukufuku wa dziko lonse wa 2018 anapeza kuti atsikana 29 pa 100 alionse a zaka 15 mpaka 19 anali ndi mwana kapena pathupi, ndipo chigawo chathu cha Kum'mawa chili m'gulu la zigawo zimene vutoli ndi lalikulu. M'kalasi langa mipando ina sinakhalenso ndi eni ake. Lamulo lolola mtsikana kubwerera kusukulu atabereka lilipo kuyambira 1997, koma amene wakwatiwa kale kumudzi wina simungamubweze ndi pepala.

Ndiwonjezere china chimene anthu samachiganizira. Masukulu atatsekedwa, makolo ambiri a m'tauni anatumiza ana kumudzi kwa ambuya awo kuti akathandize kukolola ndiponso kuti pakhomo pachepe pakamwa podyetsa. Lamulo loteteza okalamba linatenga ana a ku Lusaka ndi ku Kitwe n'kukawagoneka pamphasa imodzi ndi okalambawo.

Wa_ku_Mfuwe
Ine ndili kumbali ya akulu a Mwana_wa_Kapata, ndipo sindikubisa. Ndege zochokera kunja zitaletsedwa kutera ku Mfuwe mu Marichi 2020, n'kuuzidwa kuti zizitera ku Lusaka kokha, malo ogona alendo a ku South Luangwa anakhala opanda munthu. N'zoona kuti alendowo sakanabwerabe chifukwa kwawonso kunali kotseka, koma mfundo yanga ili pamenepo: dziko lonse lapansi linatsata njira imodzi popanda kufunsa ngati ikuyenera malo alionse. Ophika, ochapa, oyendetsa galimoto za alendo, amayi olima ndiwo zamasamba zogulitsa kumalo ogonawo, tonse tinakhala manja lende, ndipo misampha ya nyama inachuluka m'tchire chifukwa njala siidziwa lamulo.

Taonani zaka za anthu athu. Pafupifupi theka la anthu a mu Zambia ndi ana osafika zaka 18, ndipo opitirira zaka 65 safika ngakhale anayi pa 100 alionse. Ku Italy, kumene tinkaona mabokosi a maliro pa TV, opitirira zaka 65 ndi oposa mmodzi pa anthu asanu alionse. Mankhwala a nyumba ya Italy sangakhale ofanana ndi a nyumba yathu. Akatswiri atatu a mayunivesite a Harvard, Oxford ndi Stanford analemba chikalata chotchedwa Great Barrington Declaration mu Okutobala 2020, chonena zomwezi: kuti wokalamba wodwaladwala ali pangozi yoposa ya mwana kuwirikiza chikwi, choncho mphamvu zonse zipite kwa iyeyo ndipo enawo apitirize moyo wawo. Amenewa sanali anthu a m'bawa.

Dalaivala_wa_Mwami
Ngakhale a m'bawa amaganiza, a Mfuwe. Musanyoze makasitomala a akulu a mnzathu.

NesiWopuma
Ana anga, ndagwira ntchito m'mawodi zaka 31, ndipo ndinali ndisanapume pamene mliriwu unafika. Chikalata chimene a Mfuwe atchula ndikuchidziwa: anachilemba a Martin Kulldorff, a Sunetra Gupta ndi a Jay Bhattacharya. Akatswiri ena ambiri anachiyankha mwezi womwewo m'magazini ya zachipatala ya The Lancet, ndipo mkulu wa bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, a Tedros, ananena kuti kulekerera kachilombo kuti kafalikire n'cholinga choti anthu apeze chitetezo m'thupi n'kosayenera. Koma ine sindidalira mayina a anthu akutali. Ndili ndi mafunso awiri ochokera pa zimene ndinaona.

Loyamba ndi lakuti, wa pachiopsezo ndani, ndipo mumudziwa bwanji? A Mfuwe awerenga okalamba okha. Onjezanipo a shuga, a kuthamanga kwa magazi, a chifuwa chachikulu, a matenda a impso ndi a mtima, onenepa kwambiri, amayi oyembekezera, ndi amene ali ndi HIV koma sakumwa bwino mankhwala, pokumbukira kuti pafupifupi wamkulu mmodzi pa khumi alionse m'dziko muno ali ndi kachilomboka. Gululo silikhalanso laling'ono. Choipa kwambiri n'chakuti ambiri a shuga ndi a BP sadziwa kuti akudwala. Ndinalandira amuna a zaka za m'ma 40, ooneka amphamvu, amene tinawapeza ndi shuga tsiku lomwe anabwera akubanika. Munthu wotere mukanamuuza kuti iye ndi wachinyamata, apite akagwire ntchito.

Lachiwiri ndi lakuti, mumusunga kuti? Ku Britain boma linalembera makalata odwala kwambiri kuti akhale m'nyumba milungu 12, ndipo ankawabweretsera chakudya pakhomo. Kumeneko nkhalamba zambiri zimakhala paokha kapena m'nyumba zosungira okalamba. Ku Nabvutika kapena ku Mchini, ambuya amagona chipinda chimodzi ndi adzukulu atatu, chimbudzi ndi cha mabanja anayi, ndipo mbale ya nsima ndi imodzi. Matendawa amafala munthu asanayambe kutsokomola. Mukalola kuti mnyamata wa njinga autenge kumsika poti iye sangafe nawo, madzulo akaupereka kwa ambuya ake pamene akuwapatsira madzi osamba m'manja.

Palinso nkhani ya mabedi. Achinyamata akadwala onse nthawi imodzi, ngakhale ochepa okha mwa iwo atafuna okosijeni, silinda imene ikanapulumutsa nkhalamba imakhala ili kale pa wina. Mu Juni ndi Julaye 2021 tinaziona zimenezo.

MaiSalaula
Amayi a Nesi, mwalankhula bwino, koma ndiloleni ndiyankhe monga mmodzi wa anthu amene mukuwakambawo. Ndili ndi zaka 64, ndimamwa mankhwala a BP, ndipo ndikulera adzukulu anayi amene mayi awo anamwalira. Mukati okalamba atetezedwe, mukunena ine. Mukati msika utsekedwe kuti okalamba atetezedwe, mukunenanso ine, chifukwa amene amakhala pa salaula ku Kapata kuyambira m'mawa ndi ine ndemwe. Palibe mwana amene amandibweretsera thumba la ufa pakutha kwa mwezi. Mbali zonse ziwiri zikulankhula ngati wokalamba ndi munthu wongokhala pampando kudikira kudyetsedwa, pamene m'makomboni athu wokalamba ndiye mzati wa nyumba.

Nthawi imeneyo mabelo anakwera mtengo, ogula anachepa, ndipo chilimba chathu cha amayi khumi chinatha chifukwa palibe amene ankakwanitsa kusonkha. Ndinkavala masiki wa chitenge amene ndinasoka ndekha, ndinaika chidebe cha madzi ndi sopo patsogolo pa tebulo, ndipo ndinkapemphera. Akanandiuza kuti ndikhale pakhomo miyezi itatu, ndikanavomera ndi mtima wonse, koma ndikanafunsa kuti ndani alipire lendi.

Mnansi_wa_Mchinji
Funso la amayiwa ndi lomwe linafika kukhoti kwathu ku Malawi. A Mutharika analengeza kuti dziko litsekedwa masiku 21 kuyambira pa 18 Epulo 2020. Ochita malonda m'misika ya ku Blantyre ndi ku Mzuzu anachita zionetsero, bungwe lomenyera ufulu wa anthu la HRDC linakadandaula, ndipo pa 17 Epulo Khoti Lalikulu linaimitsa lamulolo. Dandaulo lalikulu linali lakuti boma silinakonze mmene osauka adzadyere. Ambiri tinasangalala, ndipo m'miyezi yotsatira tinachita misonkhano ya ndale ndi chisankho cha Juni popanda kuona maliro ochuluka. Tinayamba kunena kuti matendawa ndi a azungu. Kenaka Januwale 2021 anafika, ndipo pa 12 Januwale nduna ziwiri za boma, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi. Ngati anthu amene anali ndi galimoto, madokotala ndi nyumba zazikulu sanathe kutetezedwa, ndimakayika ngati agogo a ku Mkanda akanatetezedwa ndi malangizo a pa wailesi okha. Komabe sindinganene kuti khotilo linalakwa.

Wa_ku_Mfuwe
Ndiye mwavomereza nokha kuti kutseka sikukanatheka. Nanga Sweden bwanji? Sanatseke masukulu a ana aang'ono, sanatsekere anthu m'nyumba, ndipo dziko lawo lilipobe.

Wowerenga_Lundazi
A Mfuwe, Sweden ndi mpeni wakuthwa konsekonse, ndipo amene akuugwira asamale. N'zoona kuti ana osafika zaka 16 anapitiriza kupita kusukulu, ndipo n'zoonanso kuti powerengera zaka zonse za mliri pamodzi, imfa zoonjezereka pamwamba pa za zaka wamba ku Sweden zinali m'gulu la zochepa ku Ulaya. Koma mu 2020 anataya anthu ambiri kuwirikiza kangapo poyerekeza ndi Norway ndi Finland, ndipo pafupifupi theka la amene anamwalira m'miyezi yoyamba anali a m'nyumba zosungira okalamba. Mfumu yawo inanena poyera mu Disembala 2020 kuti alephera. Ndiye kuti chinthu chenichenicho chimene mukuti tikanachita, kusunga okalamba, n'chimene chinawakanika anthu olemera amene okalamba awo anali kale m'nyumba zapadera zokhala ndi chitseko chimodzi.

Za kuti kuno tinapulumuka chifukwa ndife achinyamata, ndikupemphani kuti tisathamange. Chiwerengero cha boma cha omwalira chili cha m'ma 4,000, koma chimenecho ndi cha amene anayezedwa. Ofufuza a ku Zambia ndi a ku Boston University, motsogozedwa ndi a Lawrence Mwananyanda, anayeza mitembo ya ku mochale ya chipatala cha UTH ku Lusaka pakati pa Juni ndi Seputembala 2020, ndipo anapeza kachilomboka mwa anthu 70 pa 364. Ambiri mwa iwo anafera kunyumba osayezedwa ali moyo. Ku Lusaka kumeneko, kumene kuli chipatala chachikulu. Kumidzi kwathu nkhalamba ikamwalira m'nyengo yozizira timangoti ndi chibayo kapena ukalamba, n'kuika tsiku lotsatira.

Wa_ku_Mfuwe
Kupezeka ndi kachilombo si kufa nako. Komanso amene anafa ndi njala, kapena amene anaopa kupita kuchipatala ndi malungo, ndani anawawerenga?

Wowerenga_Lundazi
Pa mfundo yachiwiriyo sindikutsutsani. Onsewo sanawerengedwe, ndipo n'chifukwa chake ndimadabwa ndi aliyense amene amalankhula za nkhaniyi mopanda chikayiko.

Mdzukulu_wa_Nyakwawa
Ndikuona kuti tikuyendayenda ku Ulaya pamene makolo athu anali ndi njira zawo. Ambuya anga ankasimba kuti nthomba ikalowa m'mudzi, wodwalayo ankamumangira msasa kunja kwa mudzi, ndipo ankamusamala ndi munthu amene anadwalapo kale n'kuchira. Mayi akabereka amakhala m'chikuta ndi khanda lake, ndipo si aliyense amene amalowamo. Kupatula munthu wofooka kuti atetezedwe si nzeru yachilendo kwa ife. Kusiyana kwake n'kwakuti wa m'chikuta amaphikiridwa, kutungiridwa madzi ndi kutoleredwa nkhuni ndi mudzi wonse. Sauzidwa kuti adzionere yekha.

Kwathu ku Sinda, chimene chinavuta si msika kapena sukulu, koma maliro. Lamulo linkati anthu asapitirire 50, koma ndani angaime pamsewu kubweza apongozi amene ayenda makilomita 30? Ndipo amene amagona m'nyumba ya siwa usiku wonse, mazenera otseka, akuimba mothithikana, ndi amayi achikulire, omwewo amene tikuti ndi a pachiopsezo. Anyamata amakhala panja pamoto pamene pali mphepo. Anyakwawa athu anayesa kulamula kuti okalamba azifika m'mawa pa nthawi yoika yokha, ndipo achinyamata ndiwo azichezera. Ena anamvera, koma ambiri anati kumeneko n'kuwachotsera ulemu, popeza mwambo wa maliro uli m'manja mwa akuluakulu. Azakhali anga anayankha kuti ngati sapita kumaliro a anzawo, awo adzapitako ndani?

Pamene Kalonga Gawa Undi anaimitsa Kulamba mu 2020, palibe amene anatsutsa, ngakhale kuti mwambowo umasonkhanitsa Achewa a maiko atatu ku Mkaika. Ndinaphunzirapo kuti anthu amamvera lamulo logwira aliyense mosavuta kusiyana ndi lamulo lowasankha iwo okha, makamaka likachokera pakamwa pa munthu amene amamulemekeza.

MaiSalaula
Azakhali anuwo ananena zoona, mwanawe. Inenso ndinapita kumaliro onse a pampingo pathu, ndipo ndinkadziwa bwino lomwe kuti ndikuika moyo pachiswe.

Mlembi_wa_Chilimba
Ndibwerere ku funso la lendi, chifukwa ndikuona kuti ndi pamene pagona nkhani. Njira zonse ziwiri zimafuna ndalama, koma sizifuna ndalama zofanana. Kudyetsa dziko lonse kwa miyezi itatu sitikanakwanitsa, ndipo tikumbuke kuti mu Novembala 2020 Zambia inalephera kulipira ngongole yake ya kunja yotchedwa Eurobond, dziko loyamba mu Africa kutero m'nthawi ya mliri. Koma kudyetsa makomo okhala ndi okalamba ndi odwala n'kotheka kuposa pamenepo, ndipo njira yake ilipo kale. Ku Katete boma linayesapo kupereka ndalama kwa aliyense wa zaka 60 kupita m'tsogolo kuyambira cha mu 2007, ndipo ndondomeko yopereka ndalama kwa ovutika ya Social Cash Transfer inafalikira m'maboma onse. Makomiti a m'midzi amawadziwa anthuwa ndi mayina. Chimene ndikanakonda n'chakuti mliri ukangolengezedwa, ndalama za makomo amenewa zikwezedwe nthawi yomweyo ndi kutumizidwa pa foni, kuti amayi ngati a Salaula akhale ndi mwayi wosankha. Popanda zimenezo, mawu akuti titeteze okalamba amangotanthauza kuti ena tonse tipitirize moyo wathu ndipo iwo adzionere okha.

NesiWopuma
A Mlembi mwandikumbutsa chinthu chimodzi chimene chinachitika bwino, ndipo n'chitsanzo cha kuteteza a pachiopsezo kumene kunagwiradi ntchito. Omwa ma ARV ambiri anayamba kupatsidwa mankhwala a miyezi isanu ndi umodzi nthawi imodzi, kuti asamabwere kudzaima pamzere kukiliniki mwezi ndi mwezi. Sizinafune kutseka msika uliwonse. A shuga ndi a BP akanachitiridwa chimodzimodzi, bwenzi tinapulumutsa ena.

Katemera ndiye anali njira yeniyeni yosankhira okalamba. Woyamba anafika mu Epulo 2021, wa AstraZeneca, wokwana 228,000 kudzera mu COVAX, ndondomeko yogawira maiko katemera, m'dziko la anthu oposa 18 miliyoni, ndipo anati ayambe ndi azaumoyo, okalamba ndi odwala kale. Koma mphekesera zinafika m'midzi katemerayo asanafike. Ndinakhala pansi ndi nkhalamba zambiri zimene zinauzidwa ndi adzukulu awo a pa WhatsApp kuti zikabayidwa zifa pakatha zaka ziwiri. Patangopita miyezi iwiri, funde lachitatu linafika likupeza ambiri osabayidwa. Choncho maganizo anga ndi awa: malamulo a aliyense ali ndi ntchito ngati akugula nthawi yoti chinachake chikonzedwe, kaya okosijeni, mabedi kapena katemera, ndipo azikhala ndi tsiku lothera. Masukulu a pulayimale ndikanawatseka pomalizira penipeni.

Mphunzitsi_Katete
Zikomo amayi. Mu Juni 2021 anatsekanso masukulu, pamene andale a mbali zonse ankasonkhanitsabe anthu m'misewu pokonzekera chisankho cha pa 12 Ogasiti, ngakhale kuti misonkhano ikuluikulu inali yoletsedwa. Ana a giledi 3 alibe voti, n'chifukwa chake ndi amene amayamba kutsekeredwa.

Mkulu_wa_Kapata
Mng'ono wanga wanditumizira zokambiranazi, ndipo ndaziwerenga zonse. Ine ndine mwini bawa uja. Pali zimene sananene, mwina pondisungira ulemu, ndiye ndinene ndekha. Mankhwala a shuga a bambo, pamene kuchipatala kunalibe, ndinkagula ndine ndi ndalama za bawayo, pamodzi ndi timapepala toyezera shuga ndi chakudya chimene adokotala anawalamula. Bawa itatsekedwa ndinalipira lendi miyezi itatu ndili chitsekere, ndinagulitsa firiji, kenaka mwini nyumba anaika wina. Pamene analola kutsegula kumapeto kwa sabata kwa maola ochepa, ine ndinalibenso potsegula. Kuyambira pamenepo bambo ankadumphitsa mankhwala osatiuza, ndipo pofika 2021 thupi lawo linali litafooka kale. N'chifukwa chake mlongo wanga akanena kuti malamulo akanakhwima bambo akanakhala moyo, mtima umandipweteka.

Koma amayi a Nesi andigwira pena. Mu Juni 2021 ndinapita ku Lusaka kukafuna ntchito, ndinabwerako ndi chimfine chimene sindinachiyese kanthu, ndipo ndinapita kumudzi kukawapatsa bambo shuga wa odwala ndi sopo zimene ndinawagulira. Ndinagona m'nyumba mwawo usiku umodzi chifukwa kunkazizira. Sabata yomweyo iwo anapitanso kumaliro a mnzawo wa ku mpingo. Sindidzadziwa kuti anautenga kuti. Ndinali ndi zaka 44, wamphamvu, mmodzi wa amene ndikuti akanasiyidwa kuti aziyenda momasuka, ndipo ndinayendadi mpaka pamphasa ya bambo anga. Maganizo anga pa za masukulu ndi mabizinesi sanasinthe, a Mfuwe musaope. Kungoti sindinganenenso kuti kusunga okalamba n'kophweka.

Wa_ku_Mfuwe
Pepani kwambiri, akulu. Sindinadziwe kuti nkhaniyi ili ndi mbali imeneyi, ndipo za bawa zija sindinanene monyoza inu.

NesiWopuma
Mwana wanga, usadzisenzetse mlandu umene palibe dokotala angautsimikize. M'mwezi umenewo kachilombo kanali m'minibasi, m'tchalitchi ndi m'nyumba za siwa zonse. Ndifunse za amoyo: amayi anu ali ndi zaka zingati, akukhala ndi yani, ndipo anayezetsa liti BP ndi shuga?

Mwana_wa_Kapata
Ali ndi zaka 73, amayi. Akukhala kumudzi ndi ana awiri a mlongo wathu, mmodzi wa giledi 5 ndi wina wa giledi 8, ndipo onse atatu amagona chipinda chimodzi chifukwa chinacho denga lake linagwa ndi mvula ya chaka chatha. Za kuyezetsa, ndafunsa akulu anga ndi mlongo wathu, ndipo palibe amene akukumbuka. Tagwirizana kuti ndiwatenge Lachisanu ndipite nawo kukiliniki. Za malata a chipinda chija tikambirana Lamulungu, ngati awiriwo avomere kukhala pakhonde limodzi.

MaiSalaula
Mupite m'mamawa, asanadye kanthu, chifukwa shuga amayeza bwino munthu ali ndi njala. Ndipo muwatengere juzi, pabenchi pamazizira.